Malikisi Akale a Garrett

Kendra Sabol ankayendetsa basi ya ana asukulu ku Akron. Ankadzuka kusanache, kupala chipale pagalasi la galimoto, kupita kudepoti kukatenga basi, n'kuyamba kutola ana m'misewu. Masana ankawabweza kwawo. Madzulo ankaphika, kusambitsa mwana wawo Josie, kuchapa, kukonza za mawa, zonsezo yekhayekha, chifukwa mwamuna wake Garrett akaweruka kuntchito sankafika n'komwe pakhomo. Ankangolunjika ku koleji.

Garrett ankagwira ntchito musitolo yogulitsa nsapato za anthu odwala shuga. Tsiku lonse ankagwada pamaso pa nkhalamba, kuyeza mapazi otupa, zala zopindika, zidendene zong'aluka. Kumeneko ndi kumene anayamba kulakalaka kukhala dokotala wa mapazi. Ankati watopa kuona munthu akubwera chaka chino kudzagula nsapato ziwiri, chaka chamawa n'kubwera pa njinga ya olumala kudzagula imodzi.

Vuto linali lakuti ali mnyamata anayambapo koleji n'kulekera panjira. Kemisitile analephera kawiri, fizikisi anangokhoza mokwawa, bayoloje chimodzimodzi. Ndiye atakwanitsa zaka makumi atatu anabwerera kukayambiranso maphunziro onse aja.

"Zaka zitatu zokha, Ken," anatero. "Zikatha upuma."

Kendra anavomera, ndipo mbali yake anaisunga. Garrett nayenso sanagone. Phunziro lililonse limene anabwereza anakhoza ndi A, pena B. Koleji ija inali ndi lamulo lake: ukabwereza phunziro, malikisi atsopano amalowa m'malo mwa akale. Choncho akaphatikiza zonse, nambala yake inkafika 3.7, pamene yapamwamba kwambiri ndi 4. Pepalalo analimata pachitseko cha firiji, pambali pa zojambula za Josie.

Zaka zitatu zija zitatha, Garrett anapempha mkazi wake kuti apite limodzi kwa mlangizi wa ophunzira. Ankafuna kuti Kendra akamve yekha nkhani yabwino kuchokera pakamwa pa munthu wina. Anapita pakati pa ulendo wa m'mawa ndi wa masana, Kendra akadali m'chovala chake chachikasu cha pantchito.

Mlangiziyo anali Mayi Petrakis, wa imvi, wa maso otopa, kahita kotenthetsa m'chipinda kakulira kumapazi kwawo. Anayang'ana pakompyuta kwa nthawi, kenako anavula magalasi n'kudzipsinya pamphuno.

"Bambo Sabol, mwagwira ntchito, zimenezo palibe angatsutse. Koma kodi munabwerapo kuno musanayambe?"

"Ayi. Ndimati ndibwere ndili ndi choonetsa."

"Eya." Anapumira m'mwamba. "Mverani. Masukulu a madokotala a mapazi salandira nambala ya koleji yathu ino. Makalata onse ofunsira malo amadzera ku ofesi imodzi, ndipo ofesiyo imawerengera yokha kuyambira pachiyambi. Imapatula maphunziro a sayansi n'kuwaika paokha. Ndipo imawerenga ulendo uliwonse umene munalemba phunzirolo."

"Ulendo uliwonse bwanji?"

"Kemisitile munalephera kawiri, kachitatu munakhoza ndi A. Kuno timaona A yekhayo. Kumeneko amaona F, F, A. Onse atatu amalowa mumphika umodzi."

Garrett anaseka pang'ono, kuseka kopanda mano. "Koma aja ndi a kalekale. Ndinali mwana."

"Sayang'ana zaka za munthu."

"Chabwino. Nanga masamu? Masamu ndakhoza onse ndi A, ngakhale kale lija."

"Masamu kumeneko sawaika m'gulu la sayansi. Amathandiza nambala ina, ya maphunziro onse pamodzi. Koma imene amayamba kuyang'ana ndi ya sayansi." Anatembenuza kompyuta ija kuti onse awiri aone. "Yanu ikubwera 2.8."

Kendra sanali munthu wolankhula m'maofesi, koma pakamwa panatseguka pokha. "Mayi, ndifunse nawo. Zaka zitatu zimenezi ndiye zapita pachabe?"

"Sizinapite pachabe. Popanda izo sitikanakhala pano n'komwe. Munthu akatsegula fayilo aona kuti anasintha. Koma mafayilo ndi ambiri, ndipo nambala ikakhala pansi pa 3, ena safika poitsegula."

"Ndiye titani?"

"Awonjezere maphunziro ena a sayansi, atsopano, akhoze bwino. Chaka chimodzi, mwina ziwiri. Komanso akonzeke kufotokoza chimene chinachitika chaka chimene analephera chija. Akadzamuitana adzafunsa."

Anakwera galimoto kubwerera. Garrett anaima pakawindo kogulitsira khofi, n'kugula makapu awiri ndi madonasi, ngati kuti zimenezo zikonza kanthu. Kendra anagwira kapu yake osamwa.

"Sunafunse?" anatero.

"Ndani amafunsa zoterozo? Koleji yomwe inandiuza kuti afufuta."

"Zaka zitatu, Garrett. Ofesi ya mayi aja ili pansi pa kalasi yako. Masitepe okha."

"Ndamva, Ken."

"Sunamve. Ine ndimadzuka anthu akugona. Josie amakufunsa ngati mlendo. Iwe sunathe kutsika masitepe?"

Garrett anagwira chiwongolero ndi manja onse awiri, galimoto itaima. "Ukufuna ndisiye? Nena, ndisiya lero."

Kendra ankadziwa kuti akanena kuti asiye, asiyadi, ndipo moyo wake wonse adzakhala m'nyumba ndi munthu wolekera zinthu panjira. Anayang'ana wotchi. Ana ankaweruka posachedwa.

"Chaka chimodzi," anatero. "Osati ziwiri. Ndipititse kudepoti."

Chaka chimenecho chinali cholemera kuposa zitatu zija, chifukwa tsopano Garrett sankaphunzira za mapazi kapena za thupi zokha ayi. Ankasaka nambala. Anatenga phunziro la tizilombo toyambitsa matenda, limene linali lovuta, koma pambali pake anatenganso la miyala ndi la nyenyezi, chifukwa Mayi Petrakis anati nawonso amawerengedwa ngati sayansi. Patebulo lodyera panadzaza timiyala m'timabokosi. Loweruka, m'malo mopita ndi Josie kukasambira, ankakhala pansi kuloweza maina a mapulaneti ndi miyezi yake.

Kudepoti, Yolanda, mnzake wa Kendra amene ankayendetsa basi ya ana olumala, sankaisiya nkhaniyo.

"Dokotala wathu ali bwanji? Ndamva wayamba kuchiza nyenyezi."

"Usandiyambe, Yola."

"Ayi, ndikungofunsa. Ine chidendene changa chikundipweteka. Ndidikire, kapena ndipite kwa wina amene sanafike kumwezi?"

Kendra ankaseka, chifukwa ndi Yolanda yekha amene ankamuseketsa. Koma teremu iliyonse ikatha, Garrett akabwera ndi ma A ake n'kuwerengeranso, nambala ija inkangosuntha pang'ono ngati nkhono. Maphunziro akale aja anali ambiri, ndipo ankakokera pansi chilichonse chatsopano. Kunali kutunga madzi ndi dengu.

Tsiku lina m'mwezi wa Febuluwale, Kendra anadutsa pamalo otsitsira ana osaima. Sanagone ayi, maso anali otsegula, koma mutu unali kwina. Anadzidzimuka ana akukuwa kumbuyo, "Mayi Sabol! Mwatipitirira!" Anazungulira n'kubwerera. Kholo lina linali litaima pachipale, manja m'chiuno. Anapepesa. Nkhaniyo sanamuuze Garrett, chifukwa mawa lake anali ndi mayeso.

Pofika chilimwe nambala inafika 3.0, ndendende, ngati munthu amene wagwira chitseko cha basi itayamba kale kuyenda. Garrett analembanso mayeso aakulu amene onse ofuna udokotala amalemba, n'kukhoza mwapakatikati. Anatumiza makalata. Masukulu ambiri anayankha mwaulemu kuti ayi. Ena sanayankhe n'komwe. Imodzi, ya kutali chakumadzulo, inamuitana kuti akacheze naye.

Lamulungu lina masana, Josie ali kwa agogo ake, Garrett anavala jekete limene anabwereka kwa mlamu wake n'kukhala kukhitchini. Anapatsa Kendra mafunso amene Mayi Petrakis anamulembera.

"Ukhale ngati ndiwe iwowo. Usandimvere chisoni."

"Chisoni chinatha kale," anatero Kendra, n'kukhala tsidya lina la tebulo. Anayesa mawu a munthu wa muofesi. "Bambo Sabol, bwanji mapazi? Thupi lonseli, mwasankha malo onunkha?"

Garrett anaseka, n'kuyankha bwino. Anafotokoza za nkhalamba za kusitolo, za zilonda zimene zimayamba ngati kanthu kakang'ono. Kendra anaona kuti mwamuna wake akamakamba zimenezi nkhope imawala, ndipo mtima wake unafewa pang'ono. Anapitiriza.

"Tikuona kuti chaka chanu chachiwiri ku koleji munalephera pafupifupi chilichonse. Chinachitika n'chiyani?"

Garrett anawongola msana. Yankho anali ataliloweza. "Ndinali wamng'ono. Ndinasokonezeka ndi zinthu zachibwana, zopanda phindu, ndipo ndinataya nthawi ndi anthu amene sankandithandiza kupita patsogolo. Ndaphunzirapo kanthu."

Kendra anaika pepala lija pansi.

Chaka chimenecho ankachidziwa bwino. N'chaka chimene anakumana. Iye ankagwira ntchito mulesitilanti pafupi ndi koleji, Garrett ankabwera kudzadya mazira ndi tositi n'kukhala mpaka khofi kuzizira. Masana ankatenga galimoto ya bambo ake a Kendra n'kumangoyenda, kukaonera kanema, kukadya chimanga chootcha kuzionetsero za alimi m'matauni ang'onoang'ono. Kendra sanakhalepo wosangalala chonchija, kale kapena pambuyo pake.

"Anthu amene sankakuthandizawo ndi ndani?"

"Ken, ndi mayankhidwe chabe."

"Ndikufunsa. Zachibwana zopanda phinduzo ndine?"

"Sindinatchule dzina lako."

"Panalibe wina. Unalibe anzako, Garrett. Unali ndi ine basi." Mawu ake sanakwere. "Unkandiuza kuti aphunzitsi sanabwere. Unkandiuza kuti Lachinayi kulibe kalasi. Ine ndikanadziwa bwanji? Sindinapondeko ku koleji."

"Ndiye ukufuna ndikanene chiyani? Kuti ndinagwa m'chikondi? Akandiseka."

"Ukanene kuti unali waulesi ndiponso wabodza. N'zoona, ndipo ndi zako. Ine undichotsemo. Chaka chimenecho ndachilipira kale zaka zinayi. Sindingalole kuti ukachitchenso zinyalala pamaso pa anthu osawadziwa."

 Jekete lija linali lalikulu m'mapewa, ndipo Garrett ankaoneka ngati mwana amene wavala za bambo ake. Kendra ankafuna kulira koma misozi sinabwere. Anatenga dengu la zovala n'kutsikira kuchipinda chapansi. Anaika zovala m'makina oumitsira, n'kukhala pamwamba pake chifukwa panali pofunda. Patapita nthawi Garrett anatsika, atavula jekete, n'kuyamba kupinda matawulo. Anawapinda molakwika monga mwa nthawi zonse. Kendra anangomusiya.

Garrett anapita kukacheza ndi a sukulu ija m'nyengo imene masamba amayoyoka. Atabwerako, Kendra anakamutenga kubwalo la ndege.

"Unawauza chiyani?"

"Sanafunse."

"Sanafunse?"

"Ngakhale pang'ono. Dokotala wina wachikulire anandifunsa za nsapato mpaka nthawi kutha. Akuti odwala ake amakana kuvala zimene amawalembera chifukwa n'zonyansa, ndiye ine ndimawanyengerera bwanji."

Kendra anaseka mpaka kutsokomola, osati chifukwa zinali zoseketsa.

Yankho linabwera patapita milungu: sanamutenge, sanamukane. Anamuika pa odikira. Wina akasiya malo, adzamuitana. Nyengo yozizira inadutsa, masamba anaphukira, sukulu zinatsekera. Garrett analibenso makalasi, ankakhala kusitolo tsiku lonse, madzulo n'kumafika pakhomo. Poyamba sankadziwa pokhala. Ankaima kukhitchini kutsekereza njira, kufunsa komwe kumakhala mchere. Kenako anazolowera. Anaphunzitsa Josie kupalasa njinga. Anakonza mpopi umene unkadontha kuyambira chaka chatha. Loweruka lina Kendra anagona mpaka dzuwa kulowa pawindo, n'kudzuka kununkhira zitumbuwa zimene bambo ndi mwana anapsereza. Mumtima mwake, osauza munthu, anayamba kulakalaka kuti foni yomuitanayo isalire.

Inalira mu Julayi, masana, ali kuseri kwa nyumba akuotcha soseji. Garrett anamvetsera, n'kuyankha kuti, "Inde. Inde, ndikufuna. Zikomo. Inde." Anataya chotembenuzira nyama, kunyamula Josie m'mwamba, kuzungulira naye akukuwa. Agalu a anansi anayamba kuuwa. Kendra anakhala pasitepe, mbale ya buledi ili pamiyendo.

"Ken! Ndalowa! Wamva? Ndalowa!"

"Ndamva. Wachita bwino." Ankanena zoona. Anadzuka n'kumukumbatira, n'kumva mtima wa Garrett ukugunda ngati ng'oma. Pamwamba pa phewa lake ankaona soseji zikupserera. Walira mvula walira matope. Kutsogolo kunali zaka zinayi za sukulu, kenako zina zitatu zophunzira ntchito m'chipatala, ndipo Josie adzakhala namwali zonsezi zisanathe.

Sanakangane za kusamuka, chifukwa panalibe chokanganirana. Inshuwalansi ya chipatala ya banja lonse inkachokera kuntchito ya Kendra. Mayi ake, amene ankasunga Josie m'mawa uliwonse, sakanachoka ku Akron. Anagwirizana kuti Garrett apite yekha chaka choyamba, akakhale m'kachipinda ka lendi ndi ophunzira anzake, zina adzaona.

Tsiku lonyamuka anadzaza galimoto yakale ija ndi mabuku, mapoto awiri ndi bulangete. Josie analira, kenako anasiya ataona kagologolo pampanda. Garrett anaima pachitseko cha galimoto, makiyi m'manja.

"Wandikwiyira?"

"Sindinakwiye."

"Nkhope yako ikunena zina."

"Nkhope yanga yatopa, Garrett. Si mkwiyo. Pita. Ukaima kuthira mafuta undiimbire, ndipo usadye zamumsewu zokhazokha."

Garrett anamupsompsona pachipumi, n'kulowa m'galimoto. Kendra anaima mpaka galimoto inakhota pakona, kenako analowa m'nyumba kukasesa timiyala tina timene tinagwera kuseri kwa tebulo.

Sukulu zinatsegulira. Kendra anapatsidwa njira yatsopano, ya ana aang'ono amene ankalira amayi awo pokwera. Mlungu woyamba, atamaliza ulendo wa m'mawa, anaimika basi kudepoti n'kuyenda mpaka kumbuyo monga lamulo limanenera, kuona ngati palibe mwana wotsalira. Panalibe. Dzuwa linkalowa pawindo, mpando wakumbuyo uli wofunda. Anakhala pansi kuti apume pang'ono. Foni inalira.

"Ken, uli pamsewu?"

"Ayi, ndaima."

"Sungakhulupirire. Lero atipatsa phazi lenileni. Munthu anapereka thupi lake kuti tiphunzirirepo. Ndinaopa kuti ndikomoka, koma ayi. Anyamata ena awiri anatuluka kukasanza, ana a zaka makumi awiri, amanditcha agogo. Ndiye mphunzitsi anati titsegule pansi pa chidendene, ndipo muli kachingwe kena koyera, kolimba, kamene kamayenda mpaka kuzala. N'kamene kamamupweteka Yolanda, ndikutsimikiza. Ukamuuze. Ukumva?"

"Ndikumva. Pitiriza."

Anakweza mawu a foni n'kuiika pampando pambali pake. Anavula chovala chachikasu chija, anachipinda bwino, n'kutsamiritsa mutu pawindo. Garrett ankalankhulabe, mawu ake akuthamanga, akutchula mafupa ndi mitsempha ya maina achilendo. Panja basi ina inkabwerera m'mbuyo ikulira pii, pii, pii. Yolanda anadutsa ndi kapu yake ya khofi, anasuzumira pawindo, anakweza dzanja kuti agogode, kenako analitsitsa n'kupitirira.

"Ken? Ukadalipo?"

Kendra anali atagona.